Kwa aphunzitsi amene anatitengera ku Lusaka kukaona kadamsana

Aphunzitsi,

Dzina lanu ndalisiya dala, poti ndikudziwa kuti kuyamikiridwa pagulu kumakuchititsani manyazi. Koma mukafika pa nkhani ya minibasi yomwe inatifera pa Nyimba mudzizindikira nokha. Ndine mmodzi wa ana asanu a Fomu 3 amene munawanyamula kuchokera ku Mchinji mu June 2001. Zaka zonsezi sindinakuthokozeni mokwanira. Chandikumbutsa n'chakuti lero ndine ndagwira kope ndi cholembera, kukonzera ana anga ulendo wonga womwewo, ndipo mutu wandiuma.

Nkhaniyi munaiyamba mu February, mvula ili pakati. Munajambula mipira itatu pa bolodi n'kutiuza kuti mwezi ndi waung'ono kuwirikiza ka 400 poyerekeza ndi dzuwa, koma dzuwalo lili kutali kuwirikizanso ka 400, n'chifukwa chake kumwambaku ziwirizi zimaoneka zofanana ndipo mwezi umatha kuliphimba ndendende ngati chivundikiro pa poto. Kenako munalemba kamzere pa mapu: Angola, Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe, Mozambique, Madagascar. Munati mthunzi weniweni wa mwezi udutsa m'kamzereko basi, m'lifupi mwake osapitirira makilomita 200, ndipo Mchinji ili kunja.

Apa ndi pamene ndikufuna kukuthokozani kwambiri, chifukwa munachita khama pa chinthu chimene aliyense ankachiona ngati misala. Bambo anga atamva, anangofunsa kuti, kodi dzuwa la ku Lusaka ndi lina? Anali ndi mfundo, pakuti wailesi inali itanena kale kuti nafenso kuno tidzaona dzuwa likudyeka. Munabwera kwathu pa njinga Loweruka masana, munakana mpando n'kukhala pa mkeka. Munawafotokozera kuti kuno dzuwa lidyeka ndithu, koma litsala kachidutswa, ndipo kachidutswa ka dzuwa n'kokwanira kuti kunja kukhalebe koyera. Munati kumva ng'oma uli kuseri kwa phiri si kuonera gule. Bambo anaseka, ndipo mtedza utakololedwa anagulitsa ndowa zitatu. Amayi sanakhutire mpaka tsiku lonyamuka, komabe anatikazingira chimanga cha m'njira.

Kope lanu lija ndikulikumbukira, lofiira, lomangidwa ndi labala. Munali zonse: ndalama za aliyense, mapepala odutsira pa Mwami, yemwe atenge bulangete, yemwe atenge ufa. Chomwe chinatikwiyitsa n'chakuti munati tinyamuke Lachiwiri pamene kadamsana anali Lachinayi. Tinkati mukungofuna kutidyetsera ndalama za m'thumba. Tinadutsa Chipata, Katete ndi Petauke tikuimba, koma pofika pa Nyimba injini inatsokomola kawiri n'kuzimiratu. Dalaivala anati pofika madzulo aikonza. Madzulo anakwana, kunada, tinagona momwemo titapanikizana, chisanu cha June chikulowera m'mawindo osatsekeka. Inayaka mawa lake dzuwa litakwera kale. Simunanene kanthu za tsiku lapadera lija, koma tonse tinaona pamene linathera.

Pa mlatho wa Luangwa, amayi ogulitsa nsomba zouma atatizungulira, munatiloza kumunsi kwa mtsinje. Munati madzi awa akathira mu Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo ndi cha komweko kumene Angoni a Zwangendaba anawolokera mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Munati olemba mbiri amadziwa nthawi ya kuwolokako chifukwa akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera kadamsana chammbuyo monga momwe amawerengera chamtsogolo. Mnzathu wina wa Chingoni, yemwe agogo ake ankatchula Mpezeni ngati wachibale, anangoti zii mpaka pa Chongwe.

Za maso simunkachita nazo chibwana. Galasi lofukiza ndi kandulo munaletsa, beseni la madzi munaletsa, magalasi akuda a mumsika munati n'ngotchenera basi. Munali ndi kachidutswa kamodzi ka galasi la owotcherera zitsulo, la nambala 14, lomwe munalikulunga m'chitenje ngati dzira, ndipo tinkalandirana. Ena tinali ndi makatoni obooledwa ndi singano, titafulatira dzuwa n'kumaona chithunzi chake pa pepala.

Tinafikira kwa achemwali anu ku Kalingalinga. Chonde mukawathokozere, ngati Mulungu wawasunga, chifukwa anagoneka anthu asanu ndi mmodzi pabalaza osadandaula, ndipo Chinyanja chawo cha m'tauni chinatiseketsa usiku wonse.

Tsiku la 21 June kumwamba kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Tinakhala pa bwalo la mpira. Isanakwane 2 koloko mwezi unayamba kulumako m'mphepete mwa dzuwa, ndipo kwa ola lathunthu, kunena zoona, ndinayamba kuganiza kuti bambo ankanena zoona. Kunali kowala monga mwa masiku onse. Kenako munatiitanira pansi pa mtengo wa mango, ndipo timadontho ta kuwala todutsa m'masamba tonse tinali titasanduka timiyezi tatsopano, mazanamazana, pa dothi ndi pa malaya athu. Mphepo inazizira. Kuwala kunafooka ngati koloboyi wotha parafini, nkhope za anthu zinatuwa, nkhuku za m'makomo oyandikana zinayamba kulondola ku khola.

Itangopitirira 3 koloko, kachidutswa kotsiriza kanathwanima kamodzi n'kuzima. Munakuwa kuti, chotsani galasi, yang'anani! Pamalo pa dzuwa panali dzenje lakuda bii, lozunguliridwa ndi kuwala koyera kotambalala ngati nthenga. Pambali pake panaoneka Jupiter, masana. Kuzungulira mbali zonse, m'munsi mwa thambo munafiira ngati kukucha kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera nthawi imodzi. Amayi ena analulutira, gogo wina anagwada n'kuyamba kupemphera, agalu anauwa. Zinatenga mphindi zitatu ndi masekondi pang'ono. Inuyo munali mutabwereka wotchi yoti muwerengere masekondiwo, koma kutayeranso ndinakuonani ili lende m'dzanja, simunaiyang'ane n'kamodzi komwe.

Nditabwerera kumudzi bambo anati nawonso anaona, kunachita kamdima pang'ono ngati kukubwera mvula. Ndinayesa kufotokoza, mawu anandithera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, basi, mtedza uja sunapite pachabe.

Tsopano mundithandize nzeru. Pa 25 November 2030 mthunzi uja udzadutsanso kuno kumwera, m'mawa: Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Ndili ndi msuweni ku Durban, mzinda womwe uli m'kamzereko, ndipo pogona ndi paulere. Koma November ndi nyengo ya mitambo kugombe kumeneko, ndipo mtambo umodzi utha kumeza ndalama za zaka zinayi. Ku Windhoek n'kouma, ngakhale kuti mdimawo sudzakwana mphindi ziwiri ndipo kulibe wachibale. Akazi anga akuti Durban, ine mtima uli ku Namibia. Za 2 August 2027 ku Luxor, kumene mdima udzapitirira mphindi zisanu ndi imodzi, ndangoziwerenga n'kutseka, thumba silingalole.

Kope ndagula, lofiiranso. Tayamba kuponya kangachepe ku banki m'khonde, ndipo ana ndawauza kale kuti tidzanyamuka kudakali masiku awiri apadera, adandaule asadandaule. Mukakhala kuti miyendo ikulolani, pezani pasipoti. Mpando wakutsogolo ndi wanu.

Ine mwana wanu wa sukulu,
uja anaiwala bulangete.