ZA MU MZINDA WA LUSAKA: Kodi Kukonza Msonkhano Nkofunika Sukulu?

Masiku ano m'makoleji ndi m'mayunivesiti ena muli anyamata ndi atsikana amene akuphunzira nchito yokonza misonkhano, maphwando ndi zionetsero. Makolo ambiri ku Kabwata ndi ku Chelstone sakondwa nazo. Iwo amafunsa kuti: kodi ndalama zonsezi ziwonongekere mwana wokaphunzira kuyala mipando ndi kuimika matenti? Nanga amai a m'mipingo sanayendetse maukwati ndi maliro zaka zonsezi popanda setifiketi?

Funsoli ndi lomveka. Koma mbiri ya mzinda uno ili ndi mau ace pa nkhaniyi.

Mu April 1970 nthumwi zimene zinakumana ku Dar es Salaam zinagwirizana kuti msonkhano wacitatu wa maiko osatsamira ku mbali ya Amereka kapena ya Russia ucitikire mu Lusaka m'mwezi wa September. Panatsala miyezi isanu yokha. Mzinda unalibe nyumba yokwana nthumwi za maiko opitirira 50, ngakhalenso malo oyenera kugonekamo atsogoleri ao. Njira ya kumwera inali ya mabvuto kucokera pamene Ian Smith anapandukira Britain mu 1965, ndipo njanji ya TAZARA inali isanamangidwe. Komabe kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inamanga Mulungushi Hall m'mbali mwa mseu wa Great East m'miyezi inai, ndipo nyumba za Mulungushi Village zinamangidwanso pa nthawi yomweyo. Pa 8 September a Kenneth Kaunda analandira a Tito, Mai Indira Gandhi, Mfumu Haile Selassie ndi ena ambiri, msonkhano nkuyamba pa tsiku lace.

Cimene anthu aja anacita mokakamizidwa ndico cimene wophunzira amauzidwa poyamba m'kalasi: tsiku silisuntha, cotero nchito imawerengedwa cobwerera m'mbuyo kucokera pa tsikulo. Wokonza ukwati ku Woodlands amene ayamba kufuna jenereta m'mawa wa Loweruka, monga anacitira ambiri mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima tsiku lonse, sanalephere cifukwa ca ulesi. Iye anawerenga masiku ace molunjika kutsogolo, ngati munthu woyembekeza malipiro.

Msonkhano wa Commonwealth wa pa 1 mpaka 7 August 1979 unali wobvuta koposa. Mu April caka comweco asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka usiku naononga nyumba ya a Joshua Nkomo, kufupi ndi State House. Ku London kunamveka mau akuti Mfumukazi Elizabeth asabwere kuno. Anabwera, ndipo palibe coipa cinamuonekera. Koma cinthu cimene wophunzira ayenera kucisinkhasinkha ndi ici: mfundo zimene zinatsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House, ndi ufulu wa Zimbabwe pa 18 April 1980, sizinapangidwe m'holo yaikulu. Zinapangidwa kumapeto kwa sabata ku State House, m'kagulu kocepa mmene munali a Kaunda, a Julius Nyerere, Mai Margaret Thatcher, a Malcolm Fraser ndi a Michael Manley. Anthu ambiri amakumbukira cithunzi ca a Kaunda akubvina ndi Mai Thatcher. Ndi ocepa amene amaganizira za anthu aja anasiya mpata m'ndondomeko kuti atsogoleri osamvana akhale pa okha, popanda atolankhani ndi zokuzira mau.

Nzeru yotere amai a m'mipingo amaidziwadi. Pa ukwati ku Kabulonga, mlandu wa mabanja awiri suthera pa gome lalikulu la keke. Umathera kuseri, kumene ankhoswe apatsidwa mipando ndi nthawi. Sukulu imangoilemba nzeruyi kuti isafe pamodzi ndi eni ace, ndi kuti igwire nchito pamene alendo ali 3,000 m'malo mwa 300.

Pali phunziro lina limene limawawa kulichula. Lusaka anapatsidwa mwai wocereza masewera a All-Africa Games a mu 2011. Mu December 2008 boma linalengeza kuti silidzatha, cifukwa ndalama zinali zosakwana, ndipo masewerawo anakacitikira ku Maputo. Walira mvula walira matope. Bwalo la National Heroes linadzatsegulidwa mu 2014, alendo atapita kale kwina. Kubweza kunali kwa manyazi, koma kunaposa kuitana Africa yonse ku mabwalo osatha. Colakwa cinali pa ciyambi, pobvomera mtolo mtengo wace usanawerengedwe bwino. Ndico cifukwa cace aphunzitsi a nchitoyi amaumirira pa bajeti mpaka ophunzira kutopa nayo.

Kholo limene likukayikabe lipite ndi mwana wace ku Showgrounds pa cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda kumayambiriro kwa August. Asayambe ndi ng'ombe kapena oyimba. Akaime pa cipata kwa ola limodzi, awerenge anthu olowa, kenaka akafunse mwanayo kuti zimbudzi, madzi ndi apolisi ziyenera kukhala zingati.