Mipando ya zitsulo za ndege: ngozi ili pa wopala penti

Mu July 2020, Covid-19 itavuta, British Airways idalengeza kuti yapumitsa ndege zake zonse za Boeing 747. Kodi mukudziwa komwe ndege zopuma zimathera? Zambiri zimaphwasulidwa, ndipo makampani monga MotoArt ku America amasandutsa mapiko kukhala matebulo ndi zikuto za injini kukhala madesiki.

Ndi nzeru yabwino, koma ili ndi ngozi yake. Pofuna kupewa dzimbiri, aluminiyamu wa ndege amapakidwa penti woyamba wokhala ndi hexavalent chromium. IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, idaika mankhwalawa m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. Amayambitsanso zilonda pakhungu ndi m'mphuno.

Wogula tebulo losalalalo sali pachiopsezo kwenikweni. Wovutika ndi mmisiri wopala pentiyo, amene amapuma fumbi lake tsiku ndi tsiku.

Inunso ngati mumapala penti pa zitsulo zakale, valani chophimba mphuno chosefa fumbi, osati kansalu wamba. Nyowetsani chitsulo popala, ndipo sambani m'manja musanadye. Mukatsokomola kupitirira masabata awiri, pitani kuchipatala.