Chemistry ili pa thumba la feteleza

Alimi a mbatata ndi chimanga m'munsi mwa Phiri la Dedza amanyamula Chemistry pamutu chaka chilichonse, koma ana awo akusekondale amaiopa ngati njoka.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Maatomu a mtundu umodzi okhaokha amapanga elementi, monga nayitrojeni. Maelementi osiyana akalumikizana amapanga kompaundi. Feteleza wa yureya ndi kompaundi ya kaboni, okosijeni, hayidrojeni ndi nayitrojeni.

Pa thumba lake amalemba 46% N. Ndiye kuti pa makilogalamu 50 amene mwagula, nayitrojeni wobiriwitsa mbewu ndi makilogalamu 23. Mukangomwaza yureya pamwamba osakwirira, nayitrojeni wina amasanduka mpweya wa amoniya n'kuuluka. Ndalama zanu zimaulukira komweko.

Chodabwitsa n'chakuti 78% ya mpweya umene timapuma ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingamutenge mumpweyamo. Nyemba ndi soya zimatha, mothandizidwa ndi mabakiteriya okhala m'timatuza ta mizu yake. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kasinthasintha wa mbewu.

Makolo, musanathire feteleza chaka chino, muitaneni mwana wanu akuwerengereni thumbalo.