MWANA AGWIRE NTCHITO YOMUYENERA

Chaka chikamapita kumapeto, ana a kalasi 12 ali pa mayeso, m'makomo ambiri a ku Molumbo mumabuka funso limodzi: kodi mwanayu adzagwira ntchito yanji? Kawirikawiri amene amayankha ndi bambo kapena amalume, mwini wake ali duu pamphasa. Uyu akuti akhale mphunzitsi, uyo akuti namwino, winanso akuti wapolisi wa pamalire. Chifukwa chake n'chodziwika: boma limalipira mwezi ndi mwezi, pamene munda umadikira mvula.

Kuyambira mu 2013, pamene Molumbo anapatulidwa ku Milange n'kukhala boma lapalokha, anthu akhala akuona anzawo a m'maofesi pafupi, ndipo aliyense akufuna mwana wake akakhale pampando wotero. Koma mipandoyo ndi yowerengeka, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuti mwana akaphunzire ku Quelimane kapena ku Mocuba, banja limagulitsa chimanga, nandolo, mwinanso mbuzi zonse za m'khola. Tsono mtsikana woopa magazi akakakamizidwa za chipatala, kapena mnyamata wosachedwa kupsa mtima akapatsidwa kalasi yodzaza ndi tiana, mapeto ake ndi awiri: kusiyira panjira, kapena kugwira ntchito monyinyirika moyo wonse. Ovutika amakhala odwala ndi ana a eni, ndipo mbuzi zija sizibwereranso.

M'mera mpoyamba. Mphatso ya mwana imaoneka adakali wamng'ono, kwa kholo lopenya. Pali mwana amene sakhazikika mpaka atamasula wailesi kapena njinga n'kuimanganso. Ameneyo manja ake akuloza ku umakaniko, zamagetsi kapena kuwotcherera. Pali wina amene amasonkhanitsa azing'ono ake n'kumawawerengetsa osatopa; uyo ndiye mphunzitsi. Wina amachezera usiku ndi agogo akadwala, osanyansidwa. Wina akatumidwa kumsika ndi nthochi amabwera ndi ndalama zokwana, atawerengera bwino phindu. Palinso khalidwe: wokonda kucheza ndi anthu amafota akatsekeredwa yekha ndi mapepala, pamene wofatsa amatopa ndi phokoso la pamsika.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chake. Maria de Lurdes Mutola anali mtsikana wa ku Chamanculo, mu mzinda wa Maputo, amene ankasewera mpira ndi anyamata. Mlakatuli José Craveirinha ataona kathamangidwe kake anamulimbikitsa kuti ayambe mpikisano wothamanga. Mu 2000, ku Sydney, Mutola anapambana mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800. Mkuluyo sanaike mphatso mwa mtsikanayo. Anangoiona n'kuilozera njira. Ntchito ya makolo ndi aphunzitsi ndi yomweyo.

Njira zilipo zingapo. Wofunadi uphunzitsi ali ndi sukulu za aphunzitsi ku Quelimane, Nicoadala, Morrumbala ndi Alto Molócuè. Za chipatala zimaphunzitsidwa ku Quelimane ndi ku Mocuba. Wokonda nthaka asadziderere: UniZambeze imaphunzitsa za ulimi ndi nkhalango ku Mocuba, ndipo Universidade Católica de Moçambique ili ndi sukulu ya ulimi ku Cuamba. Amene analima nandolo mu 2017 akukumbukira mmene mtengo unagwera dziko la India litachepetsa kugula. Ulimi wa lero ukufuna munthu wodziwa kuwerengera, kusunga mbewu ndi kufufuza msika, osati mphamvu zokha ayi.

Ntchito zamanja nazo si za olephera sukulu. Njinga zamoto zachuluka m'misewu yopita ku Milange ndi ku Gurúè, ndipo iliyonse idzafuna wokonza. Nyumba za malata zikufuna mmisiri wa matabwa ndi womanga, ana a sukulu akufuna telala. Mtsikana wokonda sipanala asauzidwe kuti imeneyo ndi ya amuna.

Komabe kukonda pakokha sikukwanira. Mwana ayang'ane maphunziro amene amakhoza bwino, Chipwitikizi chake makamaka, popeza mayeso olowera m'sukuluzi amalembedwa m'chinenero chimenechi. Akhale masiku angapo ndi munthu amene akugwira kale ntchito imene akuifunayo, aone zokoma ndi zowawa zake. Banja nalo linene poyera zimene thumba lingathe. Akasankha agwiritsitse, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Asanagulitse thumba loyamba la chimanga, makolo ayitane mwanayo, amufunse, ndipo amumvere mpaka amalize kulankhula. Malangizo a akulu ndi ofunika zedi, koma amene adzadzuke m'mamawa uliwonse kupita ku ntchitoyo ndi mwanayo.