Alhamdulillah ya pakamwa ndi mphika wa futari



Palibe mawu amene timawatchula kawirikawiri ngati Alhamdulillah. Tikayetsemula, tikafunsidwa kuti tadzuka bwanji, tikamaliza swala, ndi omwewo. Koma tinene chilungamo: nthawi zambiri amangotuluka okha, mtima uli kwina, ukuwerengera mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira. Timathokoza osadziwa chimene tikuthokozera, n'chifukwa chake nkhope zathu zimakhalabe zakugwa.

Taganizani za madzi oyamba pa Magharibi. Miyezi 11 yonse timamwa madzi osawaganizira n'komwe, koma tsiku losala timawamva akutsika kukhosi mpaka m'mimba, ndipo Alhamdulillah ya nthawi imeneyo imachokeradi mumtima. Madziwo ndi a pamjigo womwe uja. Chasintha n'chakuti lero tawaona.

Surah Ar-Rahman imatiphunzitsa zomwezi. Imatchula mitendere ya Allah umodziumodzi, zipatso, mitengo ya tende, nyanja ziwiri, zombo zoyenda pamadzi, ndipo funso limodzi limabwerezedwa ka 31. Kuthokoza kumafuna kutchula dzina la chinthucho. Amene wanena kuti "ndathokoza kuti mwana wachira malungo" wapepukidwa mtima kuposa amene wangoti "zonse zili bwino".

Sitikunena kuti tibise mavuto ayi. Chaka cha Hijri n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, choncho zaka zino Ramadhani ikugwa mu Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zili pululu, chimanga chisanakhwime kumunda. Pali makomo amene daku yawo ndi phala lopanda shuga. Kuuza munthu wotero kuti angomwetulira n'kumunyoza. Iyeyo timupatse sadaka. Koma tikumbukirenso zimene mayi athu Aisha (RA) anasimba, kuti kunyumba za Mtumiki (SAW) inkatha miyezi iwiri moto wophikira usanakolezedwe, akungodalira tende ndi madzi, kupatula mkaka umene anansi a chi-Answar ankawatumizira. Mtumiki yemweyo ankaima pa swala ya usiku mpaka mapazi kutupa, ndipo atafunsidwa chifukwa chake anayankha kuti akufuna kukhala kapolo wothokoza. Sanadikire kuti zinthu ziyambe zayenda bwino.

Pamene ambirife timalephera ndi pakhomo. Hadith imene anailandira Abu Dawud ndi Tirmidhi imatichenjeza kuti wosathokoza anthu sathokozanso Allah. Nanga ndi angati mwa ife amene tinawathokozapo amene amaphika futari? Mayi athu, akazi athu, alongo athu asala monga tasalira ife. Anadzuka tonse tili mtulo kukonza daku, ndipo kuyambira Asr ali pamoto, utsi m'maso, kusenda mbatata, kusinja nsinjiro, kununkhiza chakudya chimene sangachidye mpaka dzuwa litalowa. Ife abambo ndi anyamata timabwera kuchokera kumzikiti, kukhala pamkeka, mawu oyamba n'kukhala akuti tiyi wachepa shuga. Kenako timakweza manja kuthokoza Allah chifukwa cha chakudya chomwecho, amene wachiphika ali kukhitchini, mwina asanamasule n'komwe bwinobwino. Ana amaona zimenezi, ndipo amaziphunzira msanga kuposa zimene a ustazi amawaphunzitsa ku madrasa.

Ophunzira inunso, amene mwasalira kusukulu zogonera komweko n'kumadandaula za nyemba za tsiku ndi tsiku: fizi imene mukudyera nyembazo wina anagulitsa mbuzi kapena matumba a nandolo kuti aipeze. Mwamuimbira liti foni yosapempha kanthu?

Madzulo ano, tisanapite ku Tarawehe, aliyense pamkeka atchule mokweza chinthu chimodzi cha lero chimene akuthokozera Allah, ndi munthu mmodzi amene chadzera mwa iye. Ayambe ndi abambo. Akatero, anyamata atenge mbale akatsuke, mayi akhale pansi amwe tiyi wawo akadali wotentha.