Mbale Yosweka ndi Msoko wa Golidi

Makolo ndi inu achinyamata, mwezi uno tiyeni tiwoloke nyanja kuti tikacheze ndi amisiri a ku Japan amene ali ndi luso lotchedwa kintsugi, ndiko kunena kulumikiza ndi golidi. Kumeneko mbale yadothi yamtengo wapatali ikasweka, mwini wake amatola mapale onse, nawakulunga m'nsalu, napita nawo kwa mmisiri. Ndipo pakapita mwezi kapena miyezi ingapo, mbale ija imabwerera kwawo ili yathunthu, ming'alu yake ikunyezimira ngati mitsinje yojambulidwa pa mapu.

Mbale zimene anthu a dzikolo amazilemekeza koposa ndizo zomwera tiyi. Katswiri wa mwambo wa tiyi, Sen no Rikyu, amene anamwalira mu 1591, sadakonde ziwiya zonyadira. Iye anagwirizana ndi woumba wina wa mu mzinda wa Kyoto, dzina lake Chojiro, amene ankaumba mbale zakuda ndi zofiira ndi manja ake okha, popanda gudumu, monga achitira amayi athu oumba mbiya. Mbale zoterezi amazitcha Raku, ndipo banja lomwelo likuumbabe mpaka lero. Woumba wa nambala 16 analowa m'malo mwa atate wake mu 2019. Tsono mbale imene yadutsa m'manja mwa agogo, makolo ndi zidzukulu, ndani angaiponye kudzala chifukwa cha mng'alu umodzi?

Za chiyambi cha lusoli amakamba nkhani iyi. Wolamulira wina, Ashikaga Yoshimasa, amene anamwalira mu 1490, anali ndi mbale yobiriwira ya ku China imene inang'aluka pansi. Anaitumiza ku China kuti am'patse ina yofanana nayo, koma kumeneko anayankha kuti mbale zokongola chotero zinaleka kuumbidwa, motero anangoimanga ndi timisomali tachitsulo naibweza. Mbaleyo ilipo, imasungidwa ku Tokyo National Museum, ndipo dzina lake, Bakohan, linachokera ku timisomalito, popeza tikuoneka ngati dzombe lalikulu lotera pambale. Okamba nthano amati timisomalito sitinam'kondweretse mkuluyo, nchifukwa chake amisiri anafunafuna njira ina. Ife gawo limeneli tiliyesa nthano chabe, pakuti a ku Japan anali kumata miphika ndi utomoni zaka zikwi zambiri iye asanabadwe.

Utomoni umenewu ndiwo mwini nkhani. Ambiri akaona zithunzi amayesa kuti mmisiri amasungunula golidi nathira m'ming'alu, koma golidi alibe mphamvu yogwira mapale. Chogwira ndi utomoni wa mtengo wotchedwa urushi. Mmisiri amausakaniza ndi ufa wa tirigu ndi madzi kuti ukhale ngati ulimbo, napaka m'mphepete mwa mapale, nawalumikiza. Pamene pabenthuka amatsekapo ndi utomoni wosakaniza ndi dothi losalala. Chodabwitsa n'chakuti utomoniwu suuma ndi dzuwa kapena mphepo monga matope a nyumba. Umalimba ndi chinyontho. Motero mbale amaiika m'bokosi lofunda mmene muli nsalu yonyowa, nadikira sabata imodzi kapena ziwiri; kenaka apale, apakenso, adikirenso. Pomaliza penipeni amajambula mzere wopyapyala wa utomoni wofiira, ndipo usanalimbe amawazapo fumbi la golidi, lochepa ndithu. Utomoni wauwisi ukakhudza khungu umatupitsa ndi kuyabwa masiku angapo. Amene anakumanapo ndi chitedze adziwa pang'ono chimene ophunzira ntchitoyi amapirira.

Nanga utomoniwo uchokera kuti? Apa ndipo pagona vuto. Mtengo wa urushi umatenga zaka 10 mpaka 15 kuti ukhwime. Kuyambira mwezi wa June kufikira October munthu amacheka khungwa lake timizere, nakokolola madontho ndi kachitsulo, ndipo mtengo wonse umapereka magalamu pafupifupi 200, osadzaza nkomwe kapu ya tiyi. Nyengo ikatha amaudula kuti chitsa chiphukenso. Achinyamata ambiri anaithawa ntchito yotopetsayi, kotero kuti lero utomoni woposa magawo 9 mwa magawo 10 umene a ku Japan amagwiritsa ntchito umagulidwa kunja, makamaka ku China. Wa m'dziko momwemo umachokera kwambiri ku dera la Joboji, m'chigawo cha Iwate. Mu 2015 boma linalamula kuti nyumba zakale zimene zili chuma cha fuko zizikonzedwa ndi utomoni wa ku Japan komweko, ndipo lamuloli linachititsa kuti anthu ayambenso kubzala mitengoyo ndi kuphunzitsa ocheka atsopano.

Masiku ano lusoli latchuka m'maiko ambiri, ndipo amalonda akugulitsa timapaketi ta guluu wa m'fakitale ndi fumbi lachikasu, amati nawenso ukhoza kumaliza madzulo amodzi. Ena amafika pogula mbale yatsopano ndi kuiphwanya dala ndi nyundo kuti aimate. Zimenezo ife tiziyesa chibwana. Chotengera chomatidwa ndi guluu wotere, ngati sanalembepo kuti ngwoyenera pa zakudya, chikhale choikamo maluwa basi. Ana asamweremo phala kapena tiyi wotentha. Mbale yomatidwa ndi urushi weniweni, ikalimba bwino, munthu amamweramo tiyi mopanda mantha, kungoti aitsuke ndi manja mofatsa, osaikwecha ndi mchenga kapena kuiika pamoto.