CHITUKUKO-ZIMBABWE: Nyumba zikuchuluka ku Ruwa, madzi akutsalira m'mbuyo

HARARE - Munthu akamachoka mu mzinda wa Harare kulowera kum'mawa pa msewu wopita ku Mutare, amafika pa tawuni ya Ruwa atayenda makilomita oposa 20. Zaka makumi anayi zapitazo dera limeneli linali la mafamu akuluakulu. Lero kuli nyumba zambirimbiri za njerwa, mafakitale ndi masukulu, ndipo pamakomo ambiri pali thanki yosungira madzi.

Mathankiwa akufotokoza vuto lalikulu la tawuniyi. Anthu achulukana mofulumira kuposa mmene khonsolo yawo ingathere kuwapatsa madzi, ndipo gwero la vutoli lili m'njira imene tawuniyi inamangidwira.

Boma la Zimbabwe linasankha Ruwa mu 1986 kuti akhale malo olimbikitsirapo chitukuko, pofuna kuchepetsa kuthithikana kwa anthu ndi mafakitale mu Harare. Mu 1990 linakhazikitsa bungwe loyendetsa tawuniyi, la Ruwa Local Board. Kalembera wa 2002 anapeza kuti ku Ruwa kunali anthu oposa 22,000. Mu 2012 chiwerengerochi chinapitirira 56,000, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 94,000. Izi zikutanthauza kuti m'zaka 20 zokha anthu anachuluka kanayi.

Kusiyana kwa Ruwa ndi matawuni ena ozungulira Harare kuli pa mwini malo. Chitungwiza inamangidwa ndi boma, ndipo Epworth inakula pa malo amene kale anali a mpingo wa Methodist. Ku Ruwa malo ambiri anali a anthu ndi makampani omwe si aboma. Makampaniwa ndi amene anagula kapena kugawa mafamu, kudula mapoloti, kulambula misewu ndi kugulitsa malowo kwa ofuna kumanga. Madera monga Zimre Park ndi Damofalls anayamba motero.

Njira imeneyi inali ndi ubwino wake. Pa nthawi imene khonsolo ya Harare inkalephera kupereka mapoloti kwa anthu zikwizikwi omwe anali pamndandanda wodikirira nyumba, aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabanki komanso anthu a ku Zimbabwe okhala kunja anapeza pomanga ku Ruwa. Tawuniyi inakula mwadongosolo, popanda zisakasa zambiri.

Koma kampani yodula mapoloti imayala mapaipi m'dera lake lokha, ndipo ikagulitsa malo ntchito yake imathera pomwepo. Damu, malo oyeretsera madzi, mapaipi akuluakulu ndi malo otayirako zonyansa za m'zimbudzi ndi zinthu zofuna ndalama zambiri zimene sizibwerera msanga. Udindo umenewu unatsalira khonsolo yaing'ono yodalira msonkho wa nyumba ndi ndalama zolipirira madzi.

Kwa zaka zambiri Ruwa inkagula madzi ake ku Harare. Koma madzi a Harare amachokera ku nyanja za Chivero ndi Manyame ndipo amayeretsedwa ku Morton Jaffray, kumadzulo kwa mzindawu. Ruwa ili kum'mawa, kumathero kwenikweni kwa mapaipi. Madzi akachepa, oyamba kuuma ndi mipope ya kum'mawa, monga momwe anthu a ku Mabvuku ndi Tafara, oyandikana ndi Ruwa, aonera kwa zaka zambiri. Khonsolo ya Ruwa inayamba kutunga madzi m'madamu ang'onoang'ono apafupi, monga la Nora, koma madziwo sanafanane ndi kuchuluka kwa anthu.

Zotsatira zake n'zakuti banja lililonse ladzifunira njira yakeyake. Opeza bwino amakumba mijigo kapena kugula madzi kwa eni galimoto zonyamula madzi. Osauka, makamaka ochita lendi, amadalira zitsime zosazama ndi mijigo ya onse, kumene amayi ndi ana amataya maola ambiri ali pamzere. Kuopsa kwa zimenezi dziko la Zimbabwe limakudziwa: mliri wa kolera wa mu 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000, ndipo unafala kwambiri m'madera ozungulira Harare kumene madzi a m'mipope anali atasiya kutuluka.

Apa m'pamene vuto la madzi limasanduka vuto la ulamuliro. Munthu amene wakhala miyezi osaona dontho pampope wake saona chifukwa cholipirira khonsolo. Khonsolo ikapanda kutolera ndalama siingakonze mapaipi, ndipo madzi amapitirira kusowa. Mu 2013, chisankho chili pafupi, nduna yoona za maboma aang'ono ya nthawiyo, a Ignatius Chombo, inalamula makhonsolo onse kuti afafanize ngongole zimene anthu anali nazo kuyambira mu 2009. Anthu anakondwera, koma makhonsolo anataya chuma chambiri, ndipo amene ankalipira mokhulupirika anaona ngati apusitsidwa. Kusinthasintha kwa ndalama ya dzikoli, kufikira pa ZiG imene inayamba mu 2024, kwachititsanso kuti bajeti ya khonsolo izitha mphamvu chaka chisanathe.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 analonjeza kupereka mphamvu ku anthu, ndipo gawo 301 limanena kuti ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse imene boma latolera zipite ku zigawo ndi makhonsolo. Ndalamazi zinayamba kuperekedwa mu 2019, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimafika mochedwa komanso zoperewera. Kuonjezera apo, chiyambire chaka cha 2000 makhonsolo ambiri a m'matawuni akhala m'manja mwa zipani zotsutsa boma, pamene unduna umene umavomereza bajeti zawo uli m'manja mwa ZANU-PF. Mbali ziwirizi zikamalozana zala, wovutika ndi mwini mpope wouma.

Chiyembekezo cha anthu a kum'mawa kwa Harare chakhala pa damu la Kunzvi m'boma la Goromonzi, limene linakambidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 koma ntchito yomanga inayamba mu 2021. Komabe damu palokha silifikitsa madzi pakhomo. Pafunikanso malo oyeretsera madzi, mapaipi, ndi mgwirizano womveka bwino wa mtengo umene Ruwa idzalipire ndi gawo limene idzalandire.

Phunziro la Ruwa likukhudza tawuni iliyonse imene ikumera m'mphepete mwa likulu la dziko m'chigawo chino cha Africa. Kudula mapoloti n'kosavuta, ndipo ogula sasowa. Chofunika n'chakuti khonsolo isanavomereze dera latsopano, pakhale yankho la kumene madzi adzachokere ndi amene adzalipire mapaipi akuluakulu. Ku Ruwa funso limeneli linafunsidwa nyumba zitamangidwa kale, ndipo anthu 94,000 akulipira mtengo wake chidebe ndi chidebe.